Rabia Akana Kubweza Tikiti ya Ndege

1. Foni ya ku Joni

Uthenga unamupeza Rabia akuyanika mpunga pa lona kuseri kwa nyumba. Inali nyengo yokolola, ndipo mudzi wonse wa kufupi ndi doko la Kachulu unkanunkhira mpunga watsopano ndi matemba ouma. Foni ya amayi ake inkakhala ndi iyeyo, chifukwa pakhomopo wodziwa kobaya anali iye yekha.

Woimba anali Hussein, mnzake wa Faizal, mchimwene wake wa Rabia. Anyamata awiriwa ankagwira ntchito yomanga nyumba ku Joni.

"Rabia, amayi ali pafupi? Faizal wagwa kuchokera pamwamba pa nyumba imene tikumanga. Ali m'chipatala, ndipo sali bwino. Madokotala akuti ngati mayi ake alipo, abwere msanga."

Mayi Zuwena anali atamva zonse ali pakhomo la khitchini. Anakhala pansi pomwepo, lichero lili m'manja.

"Abwana athu agula kale tikiti ya ndege," anapitiriza Hussein. "Inyamuka mawa masana pa Chileka. Ndatumiza pa foni pomwepo. Akagone ku Blantyre lero."

Pasipoti anali nayo Mayi Zuwena, chifukwa anapitako kamodzi ku Joni pa basi. Ulendowo sanauiwale. Anagona pa boda, anakhala pampando masiku angapo, ndipo pofika miyendo inali itatupa moti nsapato anachita kunyamula m'manja. Kuyambira pamenepo BP yawo sinakhazikikenso.

Panalinso china chimene aliyense ankachidziwa koma osafuna kuchitchula. Msilamu sagonekedwa masiku. Faizal akanatsikira kuli chete amayi ake ali pa mzere wa pa boda, akanangopeza dothi.

Rabia anathamangira m'nyumba kukatsitsa chikwama. Amayi ake anamuimitsa.

"Tikawauze kaye amalume."

Mtima wa Rabia unagwa. Amalumewo, Che Jafali, anali mwinimbumba, ndipo ndi amene analera Mayi Zuwena makolo awo atamwalira. Pa mbumba imeneyo ngakhale mbuzi siinkagulitsidwa iwo asanagwedeze mutu.

2. Chenjezo la Che Jafali

Anawapeza padoko akumata boti lawo ndi phula, asodzi ena atakhala pambali kusoka maukonde. Atamva za Faizal anaika pansi chitini cha phula, nakweza manja kupempha dua kwa Mulungu. Atamva za ndege, nkhope inasintha.

"Upita, Zuwena. Mwana ndi wako. Koma upita pa basi."

"Amalume, akuti ndifulumire."

"Kuthamanga sikufika. Khalani pansi nonse awiri, ndikuuzeni zimene simunazione."

Anakhala pa mchenga. Asodzi aja anasiya kusoka.

"Inu ndege mumaiona ikudutsa kumwamba ngati kakowa, n'kumati ndi yokongola. Ine ndinaikwera. Ndinali mnyamata, tikupita ku migodi ndi mng'ono wanga Amadu. Anatilonga ngati matumba a mpunga. Phokoso lake, munthu wokhala naye phewa ndi phewa sumamumva. Makutu anawawa ngati akubaya ndi msomali, ndipo khutu langa lakumanzereli linafera momwemo. Kuzizira kwake, mano ankachita kuombana. Ikalowa m'mitambo inkatigwetsa, kutinyamula, kutigwetsanso. Amuna a ndevu zawo ankasanza ngati makanda, ena kuitana amayi awo.

"Koma zimenezo n'zazing'ono. Pobwerera, Amadu anatsogola, ine ndinatsala chifukwa ndinkadwala. Ndege yawo inangonyamuka pang'ono n'kugwa. Ndinafika kuno ndekha. Amayi ananditulukira pakhomo, kuyang'ana kumbuyo kwanga, n'kufunsa kuti, 'Mng'ono wako wamusiya kuti?' Funso limenelo ndimagona nalo mpaka lero. Ndinalumbira pamaso pawo kuti ine ndili moyo, wa mbumba yanga sadzakweranso chinthu chimenecho. Mulungu anapereka mapiko kwa mbalame, ife anatipatsa miyendo. Wakutsina khutu ndi mnansi, Zuwena. Sindikufuna kulira awiri."

Mayi Zuwena anaweramitsa mutu. Nkhani ya Amadu ankaidziwa kuyambira ali mwana, ndipo sinali nkhani yoitsutsa.

3. Nzeru za kusukulu

Rabia anali mu Folomu 3, ndipo mu kalabu ya sayansi ankakhala kutsogolo. Madamu Jenifa, aphunzitsi awo, anali atawaonetsa mavidiyo a ndege za masiku ano mpaka mwanayo ankazilota. Anagwada bwinobwino, nayamba.

"Anganga, ndege munakwera ija ndi za lerozi n'zosiyana. Za lero amazitseka bwino n'kupoperamo mpweya, ndiye munthu umapuma ngati uli pansi pano. Makutu amangotsekeka pang'ono, ukameza malovu amatseguka. Simuzizira. Zimauluka pamwamba pa mitambo, kumene mphepo sivuta kwambiri. Ndiponso kumphuno kwake kuli makina oona mvula ya mkuntho ikadali kutali, woyendetsa n'kuilambalala."

Che Jafali anatchera khutu. Rabia anaona ngati nsomba yadya nyambo, ndipo pakamwa panayamba kuthamanga.

"Mainjini akenso ndi atsopano. Sasokosa, samwa mafuta ambiri, ndipo ndi amphamvu moti awiri okha amakwana."

"Angati?"

"Awiri, anganga. Ngakhale imodzi itazima, inayo imafikitsa."

"Yathu ija inali ndi anayi, ndipo inagwa. Pitiriza."

Rabia anapitiriza. "Mbali zina za ndege sapangiranso chitsulo. Amapangira faiba yolimba koma yopepuka, kuti isamalemere."

"Faiba?" Che Jafali anatembenukira kwa asodzi aja. "Ngati boti lija linang'ambika pa miyala ya ku Chisi?"

Asodzi anaseka chamumtima, ena mpaka kubisa nkhope m'maukonde.

"Si faiba imeneyo. Ndipo mapiko ake kunsonga anawapinda, kuloza kumwamba ngati nthenga za mphamba, kuti azidula bwino mphepo. Mphepo ikawomba, phiko lonse limawerama pang'ono n'kubwerera."

"Mwamva? Injini achotsako, chitsulo achotsako, phiko ndi lopindika kale, ndipo limagwedera. Ndiye mwana wa sukulu akuti amayi ake akwere."

Sukulu imaphunzitsa zambiri, koma siphunzitsa kulankhula ndi msodzi. Chilichonse chimene Rabia ankachiyesa ulemerero wa ndege, m'makutu a mkuluyo chinkamveka ngati boti lobooka. Koma mwanayo anali ndi liuma la kumtundu, lomwe analitengera kwa Che Jafali omwewo. Analoza nsungwi yokankhira bwato imene inali pamchenga.

"Nsungwi iyi imawerama mukamakankha. N'chifukwa chake sithyoka."

"Ikathyoka ndimagwera m'madzi ofika m'chiuno, n'kudzuka. Kumwambako udzagwera pati?"

Apa asodzi anaseka mosabisa. Rabia anamva manyazi mpaka m'makutu, ndipo mkwiyo unabwera pambuyo pa manyaziwo.

"Nkhani yatha," anatero Che Jafali, akutola chitini chawo. "Iwe wa foni, umuuze Hussein abweze tikitiyo, atumize ya basi. Ndibwera ikatha swala ya masana ku mzikiti kudzamva kuti wachita."

4. Njira yachidule

Mayi Zuwena anatsogola kubwerera kunyumba. Atafika anayamba kulonga zitenje ndi mankhwala a BP, misozi ikugwera m'chikwama momwemo.

"Imba, mwanangu. Chita zimene anena amalume."

Rabia anapita kuseri kwa nkhokwe n'kuimba. Hussein atamva anatsitsa mawu.

"Rabia, ine ndangotuluka muwodi. Za basizo, sindikudziwa ngati angamupeze. Tamvera. Basi ndi ndege zonse zimayambira ku Blantyre. Ingowauza anganga kuti wabweza. Amayi ukawafotokozere muli pamsewu. Anganga adziwa bwanji?"

Inali njira yosalala, ndipo Rabia anaiyang'ana ndithu. Koma bodza la pamudzi silikhalitsa. Tsiku lina Che Jafali akanamva kwa anthu, ndipo wabodza akanakhala Mayi Zuwena, pamaso pa munthu amene anawalera.

"Tikiti musabweze, achimwene. Koma kunama sindinama. Ndiwauza pamaso."

"Uli ndi mtima iwe. Akakudya wamoyo."

"Andidye."

Che Jafali anafika monga ananenera, kofiya ili kumutu, ndodo ili m'manja. Anakhala pampando wa pakhonde.

"Waimba?"

Rabia anagwada patali pang'ono. Mawu ake anatuluka owongoka.

"Ndaimba, anganga. Ndawauza kuti asabweze."

Mayi Zuwena anatulukira pakhomo, dzanja lili pakamwa.

"Bwereza," anatero mkuluyo. "Khutu langa ndi limodzi."

"Ndakana kubweza tikiti. Ndikanatha kukunamizani, koma ndasankha kuti mumve kwa ine."

Che Jafali anagogoda ndodo pansi. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinkaopsa kuposa kukalipa.

"Mwana iwe, tamvera. Bambo ako atamwalira, amene anafolera nyumba iyi ndani? Amene anakana kuti ukwatiwe, n'kunena kuti Rabia apite kusukulu, ndani? Anthu anandiseka pa mzikiti, amvekere mwana wamkazi akaphunzira amakula mtima. Ine ndinawatsutsa. Lero waonetsa kuti anthu aja ankanena zoona. Mavidiyo a pa foni akuposa maso anga amene anaona? Madamu akowo anaikapo mng'ono wawo? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndege ikagwa, aphunzitsi ako adzapepesa n'kupita kukaphunzitsa. Wotsala wamasiye ndiwe, ndipo wonyamula mlandu pamaso pa Mulungu ndine."

Mawuwo anali olemera, ndipo mbali ina anali oona. Rabia analira, koma sanabwerere m'mbuyo.

"Zonse mwandichitira ndikuzidziwa, anganga, ndipo sindidzaiwala. Sindikunena kuti ndege singagwe. Basi nayonso imagwa. Koma amayi anu aja sanamuone Che Amadu, ngakhale manda ake. Mwanena nokha kuti funso lawo mumagona nalo. Mukufuna amayi anganso akafike n'kufunsa kuti mwana wanga mwamuika pati?"

Mwana salankhula chotero kwa mwinimbumba, ndipo onse atatu ankadziwa zimenezo.

5. Pa kaliyala

Rabia anadzuka, analowa m'nyumba, natuluka ndi chikwama cha amayi ake. Anachimangirira kutsogolo kwa njinga ndi lamba wa chubu, dzuwa likuswa mtengo, anthu oyandikana nawo akusuzumira pa mipanda. Kenako anagwira mahandulo n'kuima.

"Amayi, njinga iyi ikupita pa Jali, kokwerera minibasi. Ikapita ndi chikwama chokha, ndikachibweza. Kusankha n'kwanu."

Mayi Zuwena anayang'ana amalume awo, nayang'ana njinga. Moyo wawo wonse anali asanawatsutsepo mkuluyo. Anapita kukagwada pamapazi pawo.

"Amalume, mwandilera ngati mwana wanu. Ndikhululukireni. Koma amene wagona uko ndinamubereka ndine."

"Ukakwera njinga imeneyo, Zuwena, wakwera wekha. Dua yanga siikutsatira."

Mayi Zuwena anakhala chogwada kanthawi. Kenako anadzuka, anakonza mpango wawo, nakakhala pa kaliyala.

Msewu wa ku Jali unali wafumbi ndi mabampu, ndipo Rabia anapalasa ngati akuthawa moto. Amayi ake anamugwira m'chiuno mwamphamvu.

"Zimene umanena zija n'zoona? Za mpweya zija?"

"N'zoona, amayi. Makutu akatsekeka muzimeza malovu. Miyendo muziigwedeza, ndipo ndege ikakhazikika mutha kuimirira n'kuyenda pang'ono. Muli ndi chimbudzi momwemo. Mukaona phiko likugwedera musaope, analipanga choncho."

"Ine phikolo sindiliyang'ana."

Pa Jali anapeza minibasi ya ku Zomba ikudzaza. Rabia anaonetsa amayi ake pobaya kuti tikiti ioneke, anaimbira msuweni wawo wa ku Lunzu kuti akawachingamire, nawapatsa foniyo. Minibasi itanyamuka, mphamvu zonse zinamuthera. Pobwerera njinga anachita kuikankha, ndipo mantha amene anawabisa tsiku lonse anamugwira tsopano. Nanga anganga atakhala kuti akunena zoona?

6. Mlandu pansi pa mtengo wa mango

Tsiku lotsatira Rabia sanapite kusukulu. Masana anapita kwa Sophia, mnzake woyandikana naye nyumba, amene nambala yake anaipereka kwa Hussein. Anakhala awiriwo akuyang'ana foni ngati mphika wochedwa kupsa.

Dzuwa litapendeka, kunabwera mawu ojambula. Anali a Mayi Zuwena.

"Rabia, tatera. Ndimayesa tikadali m'dziko lathu, anthu akuti tafika. Anandipatsa tiyi kumwambako, osatayika ngakhale dontho. Nsapato ndavala. Hussein wandipeza, tikuthamangira kuchipatala."

Rabia anamvera kawiri, nakhala pansi kuthokoza Mulungu. Asanapume n'komwe, mwana wina anabwera kudzamuitana. Mbumba yonse inali itasonkhana kwa Che Jafali.

Anawapeza atakhala pa mikeka pansi pa mtengo wa mango, azakhali, azisuweni ndi akuluakulu ena. Anamulozera pakati. Foni ya Sophia anaifumbata m'chitenje.

"Anganga, amayi afika bwino."

"Sindinakufunse," anatero Che Jafali, ngakhale mapewa awo anatsika pang'ono. "Kufika kwa lero sikufufuta mwano wa dzulo. Wakuba akapanda kugwidwa sitinena kuti kuba n'kwabwino. Abale anga, mwana uyu wandivula pamaso pa mudzi. Lero ndi ndege. Mawa adzatiuza kuti kuswali n'kwachikale. Mbumba yopanda mwini ndi boti lopanda nkhafi, ndipo ine sindilola kuti iphwasuke ndikuona."

Azakhali ena anavomereza. Ena anangoyang'ana pansi, chifukwa nawonso anali ndi ana ku Joni. Mkulu wina anauza Rabia kuti apepese, nkhani ithe.

"Ndipepesa chifukwa cha mawu anga owawa," anatero Rabia. "Koma chifukwa cha tikiti, sindipepesa. Zitachitikanso ndingachite chimodzimodzi."

Anthu anang'ung'udza. Nkhani inazungulira mpaka mithunzi inatalika, wina akuti mwana achoke kusukulu, wina akuti ayi, adikire mayi ake. Ili pakati choncho, foni inalira m'chitenje muja.

Palibe anamuletsa kuyankha. Anabaya kuti onse amve.

"Amalume alipo?" Mawu a Mayi Zuwena anali otsika, koma osanjenjemera.

Che Jafali anasendeza khutu lawo labwino. "Ndilipo, Zuwena."

"Faizal watisiya, amalume."

Azimayi anayamba kulira. Amuna ananong'ona mawu obwezera zonse kwa Mulungu. Rabia anamva ngati pansi pachoka, koma foni sanaigwetse.

"Koma ndamupeza ali moyo," anapitiriza mayiwo. "Anatsegula maso, anandizindikira. Anati, 'Amayi, mwabwera.' Ndamunyowetsa milomo ndi dzanja langa. Shahada, mawu a chikhulupiriro chathu, tanena limodzi. Wapita mutu wake uli pamkono panga. Akumuika mawa m'mawa, ndipo ndidziwa pamene wagona."

Che Jafali anavula kofiya, chinthu chimene Rabia anali asanachionepo. Anaphimba nayo nkhope, ndipo mapewa a mkuluyo anagwedezeka nthawi yaitali. Palibe anadziwa ngati ankalira Faizal kapena wina.

Atavalanso kofiya, anauza anyamata kuti akadziwitse ashehe ndi kuyala mikeka ina. Kenako anayang'ana Rabia ndi maso ofiira.

"Lero kuli maliro, mlandu wako udikira. Koma lumbiro langa silinafe. Zikatha za uko, amayi ako abwere pa basi. Ukapanda kuwauza zimenezo, sukulu waithera pomwepa."

Rabia anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango. Tikiti ija inali yopita ndi kubwerera, ndipo pabwalo ponsepo wodziwa zimenezi anali iye yekha.